Womveka ndi Womuveka

M'nyengo yozizira ya chaka cha 2003, ndili kumpoto kwa dziko la England kumene ndinkalemba kafukufuku wa digiri yanga ya udokotala, ndinabwereka ku laibulale tepi ya filimu yotchedwa The Dresser. Sindinaisankhe chifukwa choidziwa ayi. Linali Loweruka madzulo, kunja kukuwaza mvula yosakata ya kumeneko, ndipo mutu wanga unali utakana kulandira chiganizo china chilichonse cha galamala. Ndinkafuna chondiiwalitsa ntchito kwa maola awiri basi. Koma nkhani imene ndinaipeza m'filimuyo yakhala ikundizenga mlandu kwa zaka zoposa 20 tsopano, ngakhale kuti usiku umenewo ndinkayesa kuti wozengedwa mlandu ndi munthu wina.

Filimuyi inatuluka m'chaka cha 1983 ndipo anaitsogolera ndi Peter Yates. Inachokera m'sewero la Ronald Harwood limene linaonetsedwa koyamba mumzinda wa Manchester mu 1980. Nkhani yake ikuchitika ku England pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene ndege za Germany zinkaponya mabomba m'mizinda. Gulu lina la zisudzo likuyenda pa sitima ya pamtunda, tauni ndi tauni, kuonetsa masewero a William Shakespeare. Anyamata amphamvu onse anatengedwa kupita kunkhondo, choncho m'gulumo mwatsala nkhalamba, otsimphina ndi ena amene asilikali anawakana. Mwini gululo, yemwenso amatenga mbali yaikulu m'sewero lililonse, ndi bambo wokalamba wa mawu ngati bingu. Dzina lake lenileni sitilimva mpaka filimu kutha. Aliyense amangomutchula kuti Sir, monga momwe ife timanenera kuti bwana. Mbali imeneyi anasewera ndi Albert Finney. Pambali pake pali Norman, amene mbali yake anasewera ndi Tom Courtenay. Norman ndiye amene wakhala akumuveka zovala za sewero kwa zaka 16, kumukonzera ndevu ndi tsitsi lomata, kumuchapira, kumusambitsa, kumufulira tiyi ndi kumukumbutsa mawu akawaiwala.

Tsiku limene nkhaniyi yagona, Sir wasokonezeka mutu pakati pa msika, wayamba kuvula zovala pagulu, ndipo amutengera kuchipatala. Madzulo ake gululi liyenera kuonetsa King Lear, ndipo kwa iye kukhala kusewera mbali ya mfumuyo ka 227. Mayi amene amakhala naye, yemwenso amasewera mbali ya Cordelia, akufuna sewero lilephereke. Madge, woyang'anira zonse za kuseri kwa nsanja, akugwirizana nazo. Norman yekha ndiye akukana. Mosayembekezereka, Sir akutulukira atadzitulutsa yekha m'chipatala, akunjenjemera, akulira, osakumbuka ngakhale sewero limene akusewera usikuwo. Gawo lalikulu la filimuyi ndi ntchito ya Norman m'kachipinda kovalira, chitseko chili chotseka, kuumba mfumu kuchokera pa munthu wosweka.

Monga munthu amene ntchito yake ndi kumvetsera mmene anthu amalankhulira, chimene chinandigwira poyamba ndi chilankhulo cha Norman. Polankhula ndi bwana wakeyo, kawirikawiri sanena kuti inu, amanena kuti ife. Ndi kalankhulidwe kamene timakadziwa bwino pa mphasa ya wodwala, pamene wodwazika amati, "Tiyeni timweko phala pang'ono," chikhalirecho womwa phala ndi mmodzi. Mawu oti ife amenewa amachotsa manyazi a wodwala, komanso amamulanda mpata wokana. Norman akafuna kudzudzula kapena kulimbikitsa, sawomba nkhani pamutu. Amayamba kusimba za mnzake wina amene anali naye kale, yemwe anakumana ndi zofanana, ndipo woonera amayamba kukayika ngati mnzakeyo si iye mwini. Amanyengerera, amaopseza, amaseketsa, amanama. Pamene Sir, chifukwa cha kusokonezeka, wadzipaka kumaso utoto wakuda wa Othello m'malo mwa nkhope ya Lear, Norman akumudzudzula ngati mayi amene wapeza mwana akusewera ndi matope atamusambitsa kale. Wantchito wopanda mphamvu iliyonse yolembedwa akulamulira mwini gulu pogwiritsa ntchito lilime lokha, uku akumeza pang'onopang'ono mowa waukali wa m'kabotolo kamene amabisa m'thumba.

Sayirini yochenjeza za ndege za adani ikulira sewero lili pafupi kuyamba. Amene akutumidwa kutsogolo kwa katani kukauza anthu kuti sewero lipitirira ndi Norman yemweyo, ndipo kanthawi kochepa kameneko, kokhako kamene anthu akumuona, lilime lake lochenjera lija likupunthwa. Nthawi yoti mfumu ilowe pa nsanja itakwana, Sir wangoti duu pampando kuseri, osayenda, osalankhula, anzake pa nsanja akupeka mawu oti adikirire. Norman akumunong'oneza mpaka munthuyo akudzambatuka n'kulowa. Pofika pa gawo la mkuntho, pamene Lear akukalipira mphepo ndi mvula, filimuyi ikutionetsa kumene mkunthowo ukuchokera. Kuseri kuli anthu otuluka thukuta, wina akugwedeza chitsulo chonga lata kuti chilire ngati bingu, wina akupukusa chipangizo chotulutsa mkokomo wa mphepo, wina akuimba ng'oma zikuluzikulu. Ngakhale Oxenby, wosewera wotsimphina amene amadana ndi Sir ndipo anali atakaniratu kuthandiza, pomaliza akugwira nawo ntchitoyo. Anthu m'holo akuona munthu mmodzi akulimbana ndi thambo. Sir potuluka pa nsanja, mawu ake oyamba ndi odandaula kuti mkuntho unachepa.

Sewero latha bwino, anthu awomba m'manja. M'chipinda chovalira, Sir akupatsa Norman kope la buku la mbiri ya moyo wake limene wakhala akunena kuti akulemba. Zimene walemba ndi tsamba limodzi lokha, la mawu opereka bukulo kwa amene akuwathokoza. Norman akuwerenga mokweza. Muli anthu oonera, muli osewera anzake, muli akalipentala, muli a magetsi. Womuveka mulibe. Pamene akutembenuka kuti afunse, akupeza kuti bwana wake watsirizika ali chigonere. Norman akulusa, akutukwana mtembo, akutenga cholembera n'kudzilemba yekha pa tsambalo, kenaka mkwiyo ukusungunuka, n'kutsala kulira kwa munthu amene wataya yekhayo amene anamukonda.

Ndinazimitsa kanema usiku uja nditakwiyira Sir. Ndinati mumtima, akuluakulu sananame, ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ndinagona ndi mtima wa munthu wolungama.

Patapita masiku, ndikuganizira mmene ndingatchulire mutu wa filimuyi m'Chichewa, ndinazindikira kuti anthu awiriwa amasiyana ndi lembo limodzi lokha. Wina ndi womveka, wina ndi womuveka. Ndipo polankhula mofulumira, lembo la u lija limamezedwa, kotero kuti tikati anamveka chisoti, tikunena za kuveka, osati za kumva. Mawu awiriwa amagwera pamodzi m'kamwa, koma galamala yake ndi yosiyana kwambiri. Kumveka kunachokera ku mneni kumva, kudzera mu msintho wochitika, womwe umatipatsanso kusweka, kuoneka ndi kuthyoka. Msintho umenewu uli ndi khalidwe lake. Tikati mbale yaswedwa, womvera akhoza kufunsa kuti yaswedwa ndi yani. Tikati mbale yasweka, funsolo latsekedwa, ngati kuti mbaleyo yadzichitira yokha. Chimodzimodzinso tikati uje wamveka, chilankhulo chimabisa onse amene anagwedeza malata kuti amveke. Koma m'mawu oti womuveka muli anthu awiri, wochita ndi womuchitira, ndipo kamphatikira kakang'ono ka mu ndiko kakuwamangirira pamodzi. Ndinasangalala ndi zimene ndinapezazi, ndinazilemba m'kope, ndipo ndinaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Kafukufuku wanga anali wa msintho womuchitira, uja umasandutsa kuphika kukhala kuphikira, kunyamula kukhala kunyamulira, kufa kukhala kufera. Ndi kachidutswa ka mneni kamene ntchito yake ina ndi kutchula amene ntchito yachitikira. Ziganizo zimene ndinkazisanthula ndinazitolera m'chaka cha 2001 m'midzi ya m'boma la Dedza, kwawo kwa mayi anga. Amene anandiyendetsa m'midzimo anali amalume, mlongo wawo wa mayi. Sukulu analekezera Sitandade 3. Kwa miyezi inayi anasiya dimba lawo m'manja mwa azakhali ndi ana, n'kumandikweza pa kaliyala ya njinga yawo, wailesi yojambulira mawu ndi mabatire zili m'chikwama pachifuwa pawo. Tikafika pamudzi, iwo ndiwo ankayamba kukaonekera kwa amfumu, kufotokoza kuti mnyamata wa mafunso achilendoyu si wa boma ndiponso si wa chipani, ndi mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Popanda mawu amenewo palibe gogo amene akanatsegula pakamwa pamaso pa wailesi ija.

Madzulo tikabwerera, ndinkawawerengera ziganizo zimene ndapeka kuti andiuze ngati zikumveka. Ankamvetsera maso ali chotsinzina, kenaka n'kupukusa mutu. "Iwe mphwanga, zimenezo ndi za m'buku. Munthu wamoyo salankhula choncho." Akatero ankanena mmene munthu wamoyo amalankhulira, ine n'kumalemba. Mutu wonse wachinayi wa kafukufuku wanga, umene ondiyesa anauyamikira kwambiri, unamera pa madzulo amodzi pamene anandionetsa kuti kufera mwana ndi kufera m'nyumba si kufera kumodzi, ngakhale mneni akuoneka yemweyo. Iwo analibe dzina la kusiyana kumeneko. Ine ndinali ndi dzina lake, koma khutu linali lawo.

Malamulo a kafukufuku amafuna kuti anthu amene atipatsa mawu tiwabise maina, ndipo ndi lamulo labwino, loteteza anthu. Choncho m'kati mwa bukulo amalume analembedwa kuti Mlankhuli B. Pamenepo palibe mlandu. Koma kumayambiriro kwa buku lotere kumakhala tsamba limodzi limene lamulo silifikako, pamene wolemba amathokoza aliyense amene akufuna. Ndinalemba tsambalo mu 2004, patangopita miyezi yowerengeka chionereni filimu ija. Ndinathokoza aphunzitsi anga awiri ndi maudindo awo onse, bungwe limene linandilipirira, ogwira ntchito ku laibulale, ngakhalenso mnyamata amene anandikonzera kompyuta itafa. Pomaliza ndinaika mzere umodzi wothokoza achibale onse chifukwa cha mapemphero awo. Amalume anamira m'mawu oti onse.

Ndadzifunsa kambirimbiri chifukwa chake. Yankho lokoma ndi lakuti kwathu wachibale sitimuthokoza ngati mlendo, pakuti zimene malume achitira mwana wa mlongo wake ndi udindo. Yankho limeneli lili ndi choonadi pang'ono, ndipo ndinabisalamo zaka zingapo. Yankho lowawa ndi lakuti tsamba lija ndinalilembera anthu amene ndinkafuna kuti andione, ndipo amalume sanali m'gulu la oti adzaliwerenga. Ndiponso munthu amene wakhala nawe pafupi kwambiri amasanduka ngati dzanja lako, ndipo palibe amene amathokoza dzanja lake. Ndikukhulupirira kuti ndi mmenenso zinalili ndi Sir. Sanamusiye Norman chifukwa cha nkhanza. Akalipentala ankawaona chifukwa anali patali. Norman anali atasiya kumuona.

Ndinabwerera kumudzi mu 2005 nditanyamula bukulo, lachikuto chakuda, zilembo zagolide. Amalume anayamba asamba m'manja asanaligwire. Analitsegula pang'onopang'ono, kuyang'ana ziganizo za Chichewa zimene zinali apo ndi apo pakati pa Chingerezi, n'kumawerenga zina mogwedeza milomo. Anazindikira chiganizo chawo chimodzi n'kuseka. Kenaka anafunsa, "Nanga ine ndili pati m'menemu?"

Ndinatsegula tsamba lina n'kuloza chilembo chija. "Ndi inu apa, amalume. Paliponse pamene pali B ndi inu."

Anayang'anitsitsa. "B ameneyu ndine? Nanga A ndi ndani?"

A anali mphunzitsi wina wopuma pantchito amene tinacheza naye masiku awiri okha. Ndinawauza. Anagwedeza mutu, n'kutseka bukulo, n'kulipukuta pachikuto ndi mkono wa malaya awo ngakhale panalibe fumbi. "Chabwino, mphwanga. Bola ntchito inatheka." Anaitana azakhali kuti adzaone buku la mwana wawo, ndipo tsiku limenelo anapha tambala. Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka pamene anatisiya mu 2008.

Norman analusa, ndipo kulusa kwake kumapepuza woonera, chifukwa mlandu wanenedwa poyera. Amalume sanaluse. Akanalusa ndikanapepesa, nkhani ikanatha. Anandisiyira ulemu wawo, womwe ndi katundu wolemera kuposa mkwiyo.

Nditaioneranso filimuyi patapita zaka, ndinaona zimene zinandiphonya poyamba. Norman si woyera mtima. Ndi wansanje, ndipo amatchinga chitseko kuti wina asayandikire bwana wake. Mtsikana wina wa m'gululo, Irene, atayamba kukondedwa ndi Sir, Norman akumuopseza mwankhanza. Akunamiza Madge kuti zonse zili bwino pamene akudziwa kuti munthuyo watheratu. Amene ankafuna kuti sewero lilephereke ndiwo ankaganizira moyo wa wodwalayo. Norman ankadziwa kuti sewero likaima, iyenso alibe kolowera, pakuti womuveka amakhalapo pokhapokha pali womuvekayo. Kodi tinene kuti anamupatsa usiku womaliza waulemerero, kapena anamukankhira kumanda? Filimuyi sikutiyankhira, ndipo ikuchita bwino kusatiyankhira. Kukhulupirika kumene ikutionetsa ndi kosakanikirana ndi mantha, njala ndi chikondi chosatchulika. Madge nayenso wakhala m'gululo zaka pafupifupi 20 chifukwa chokonda munthu amene ankadziwa za chikondicho n'kumachidyerera. Gulu lonselo likuyenda pa ngongole zimene palibe anazilemba.

Zimenezi zinandiphunzitsa kusawasandutsa amalume mngelo, chifukwa kutero ndi njira inanso yosawaonera. Anali ndi zifukwa zawo. Ankanyadira kuyenda ndi mwana wa mlongo wawo wophunzira, ankakonda kumvedwa ndi mafumu, ndipo ndalama yochepa imene ndinkawapatsa inathandiza m'chaka chimene chinathera m'njala yoopsa ya kumayambiriro kwa 2002. Koma kukhala ndi zifukwa zako sikufafaniza ntchito imene wagwira. Ziganizo zija ndi zawo ndithu.

Shakespeare mwiniwake anaiona nkhaniyi kalekale, ndipo si mwangozi kuti sewero la usiku uja ndi King Lear. M'seweroli muli nduna yotchedwa Kent, imene mfumu yaipirikitsa chifukwa chonena zoona, koma ikubwerera itadzisintha maonekedwe kuti itumikire mfumu yomweyo ngati wantchito wamba, mumvula ndi mumisala. Pamapeto, pamene Kent akudziulula kuti ndi iye amene anayenda nayo njira yonseyo, mfumuyo maganizo ake ali pa mtembo wa Cordelia, ndipo sikumvetsa n'komwe zimene ikuuzidwa. Sir wasewera mbali imeneyi ka 227 osaphunzirapo kanthu. Ine ndinaonera filimu yonse, ndinalemba ndemanga ya galamala m'kope, osaphunzirapo kanthu. Kudziwa nkhani ndi kudzipeza m'nkhanimo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri ya filimuyi chimene chimanditonthoza pang'ono. Ronald Harwood anabadwira ku Cape Town mu 1934, ndipo anapita ku London mu 1951 kukafuna mwayi wa zisudzo. Kuyambira 1953 mpaka 1958 anali m'gulu la Donald Wolfit, katswiri wa masewero a Shakespeare amene mu 1940, mabomba akugwa mu London, ankaonetsa zisudzo masana pa nthawi ya nkhomaliro. Harwood ndiye anali womuveka wa Wolfit. Iye ankanena kuti Sir si Wolfit ndipo Norman si iye, koma kachipinda kovalira ankakadziwa ndi manja ake. Wolfit atamwalira mu 1968, Harwood ndiye analemba buku la mbiri ya moyo wake, lomwe linatuluka mu 1971. Pambuyo pake analandira mphoto ya Oscar mu 2003 chifukwa cholemba filimu ya The Pianist, ndipo mu 2010 nayenso anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Womuveka uja anadzakhala womveka, ndipo anagwiritsa ntchito kumveka kwakeko kuika munthu wa kuseri pakati pa nsanja. Pa mphoto za Oscar za mu 1984, Finney ndi Courtenay onse awiri anaikidwa pa mndandanda umodzi wa opikisana pa mphoto ya wosewera wamkulu wamwamuna. Palibe anaipata mwa awiriwo, koma pa tsamba limenelo bwana ndi wantchito analembedwa mofanana.

Koma Harwood anali ndi cholembera. Ovekera anzawo ambiri alibe. Amene ananyamula wailesi, amene anataipa, amene analera ana pamene wina ankawerenga, amene anagulitsa mbuzi kuti fizi ikwane, sadzalemba sewero lawo. Ngati womveka sawatchula, palibe adzawatchule.

Buku langa lija likadali pa shelefu ya laibulale ku England monga ndinalilembera, ndipo silingasinthidwe. Limene lili m'nyumba mwanga ndinalitsegula pa tsamba lothokoza chaka chimene tinamanga chiliza cha amalume, ndipo ndinalembapo ndi cholembera dzina lawo lonse pamodzi ndi mfunda wawo, pamwamba pa maina a aphunzitsi. Ndikudziwa kuti zimenezi sizibweza kanthu kwa iwo. Ndinalembera ana anga, kuti akadzatsegula bukulo adzafunse.

Masiku ano wophunzira akandibweretsera kafukufuku wake womaliza kuti ndisaine, ndimayamba ndi tsamba lothokoza. Nthawi zambiri dzina langa limakhala pamwamba, ndi maudindo onse. Ndimamufunsa kuti anamuperekeza ndani kumudzi, anamulowetsa ndani kwa amfumu, ndipo anamuuza ndani kuti munthu wamoyo salankhula choncho. Ena amadabwa, ena amaseka. Mtsikana wina chaka chatha anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Agogo anga aakazi, koma sadziwa kuwerenga." Ndinamubwezera pepalalo n'kumuuza kuti akawalembe, ndipo akapita kumudzi akawawerengere mokweza.